Mumlengalenga muli eni ake: zimene woulutsa drone ayenera kumvetsa asanagwire rimoti

Ndege yonyamula anthu ikamakonzekera kutera siitsika mwachisawawa. Imatsata njira yopendekeka pang'ono, ya madigiri 3, zimene zikutanthauza kuti pa kilomita iliyonse imene yayenda imatsika mamita pafupifupi 52. Ikatsala ndi makilomita 5 kuti ifike pa msewu wake wa pabwalo, imakhala ili pa mamita osakwana 300 kuchokera pansi, ndipo ikatsala ndi makilomita 2 imakhala yatsika kufika pa mamita pafupifupi 120, ikuthamanga makilomita ngati 250 pa ola, mawilo ali kunja, maso a woyendetsa ali pa msewu ndi pa zipangizo zake. Mamita 120 omwewa, drone yogula m'sitolo, yokwana m'chikwama cha mwana wa sukulu, imawakwera mphindi imodzi isanathe. Choncho munthu amene waima m'munda mwake ku Lumbadzi, kapena kuseri kwa nyumba yake ku Chileka, akhoza kuika mota ndi batire pa njira ya ndege yodzaza ndi anthu, iye akungosangalala ndi chithunzi cha denga lake pa foni.

Ambiri amene amagula tindege timeneti ndi anthu abwinobwino, ofuna kujambula nyanja dzuwa likamalowa, nyumba imene akumanga kumudzi, kapena ukwati wa mlongo wawo, ndipo amadabwa akauzidwa kuti chinthu chimene iwo amachiona ngati chidole chili ndi malamulo. Koma m'maiko ambiri lamulo limati drone ndi ndege ndithu, ndipo amene wagwira rimoti ndiye woyendetsa ndegeyo, ngakhale mapazi ake ali pa dothi. Manambala amene ali m'malamulowa sanangotoledwa. Iliyonse ili ndi chifukwa chake, ndipo munthu amene wamvetsa zifukwazo sasochera ngakhale atapita dziko lina. Chinanso chimene ambiri amachiphonya n'chakuti chilolezo sichikhala chimodzi. Pali oyang'anira mlengalenga, pali mwini wa malo amene mwaimapo, komanso pali munthu amene kamera yanu ikumuona, ndipo mmodzi wa iwo akavomera sindiye kuti enawo avomeranso.

Mizu ya nkhaniyi ndi yakale kuposa madrone amene tikuwadziwa lero. Pa 7 Disembala 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, maiko anasainirana pangano la za maulendo a ndege mumzinda wa Chicago, ndipo panganolo ndi limene linabala bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Montreal. Ndime yoyamba ya panganoli imanena kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake. Ndime ya 8 inaoneratu patali, chifukwa imanena kuti ndege yopanda woyendetsa mkati isauluke pamwamba pa dziko popanda chilolezo chapadera cha dzikolo, ndiponso kuti dzikolo lionetsetse kuti ndege yotereyi siikuika ndege zina pa ngozi. Zotsatira zake n'zakuti palibe lamulo limodzi la madrone la dziko lonse lapansi. Vidiyo ya pa YouTube ya munthu wa ku America imafotokoza malamulo a ku America, ndipo chiphaso chimene munapeza ku London sichikupatsani ufulu woulutsa ku Lilongwe kapena ku Chipata. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake loyang'anira za ndege, ndipo mawu omaliza amachokera kumeneko.

Ngakhale zili choncho, pali nambala imodzi imene imabwerabwera pafupifupi kulikonse: mamita 120, kapena mafiti 400. Ndiwo malire a kukwera kwa drone ku America, ku Britain ndi m'maiko a European Union. Chifukwa chake chili m'malamulo a ndege zokhala ndi anthu. Malamulo a ICAO amati woyendetsa ndege wodalira maso ake asatsike pansi pa mamita 150 kuchokera pa nthaka kapena pa madzi, kupatula ponyamuka ndi potera, ndipo pamwamba pa mizinda ndi pa misonkhano ya anthu akhale pa mamita 300 kuposa chinthu chachitali kwambiri cha pafupi. Ndege zikakhala pamwamba pa 150 ndipo madrone akakhala pansi pa 120, pakati pamatsala mpata wa mamita 30. Mpatawu ndi wochepa kwambiri, ndipo ndi umene munthu amaudya akanena kuti angokwera pang'ono kuti phiri lonse lilowe m'chithunzi.

Pali msampha wina pa nkhani ya kutalikaku umene ngakhale anthu osamala amakodwamo. Nambala imene imaoneka pa sikirini ya rimoti imawerengedwa kuchokera pamalo pamene drone inanyamukira, pomwe lamulo limawerenga kuchokera pa nthaka imene ili pafupi ndi drone pa nthawiyo. Tiyerekeze kuti mwaima m'mphepete mwa phiri la Zomba, pamalo oonera mzinda, ndipo mwakweza kandege kanu mamita 30 okha, kenaka n'kukatumiza kutsogolo kupitirira phedi. Sikirini idzapitiriza kunena kuti 30, koma pansi pa kandegeko padzakhala phompho la mamita mazanamazana, ndipo kadzakhala kalowa kale mumlengalenga momwe ndege zazing'ono ndi mahelikopita ali ndi ufulu wodutsa. Makinawo sadzakuchenjezani chifukwa kwa iwo palibe chimene chalakwika.

Tisaganizenso kuti pansi pa mamita 120 ndi pathu tokha. Pa 21 Sepitembala 2017, pafupi ndi Staten Island ku New York, drone ya mtundu wa DJI Phantom 4 inawombana ndi helikopita ya asilikali ya Black Hawk pa mamita pafupifupi 90. Helikopitayo inatera bwino, koma limodzi la mapiko ake aakulu linawonongeka, ndipo chidutswa cha drone chimene chinapezeka chitakanirira m'helikopitamo chinali ndi nambala imene inathandiza ofufuza kupeza mwini wake. Ofufuza a bungwe la NTSB, lofufuza ngozi za pa ulendo ku America, anapeza kuti munthuyo anali ataitumiza drone pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4, kumene sakanatha kuiona ndi maso, ndipo sankadziwa kuti pa nthawiyo kuderalo kunali chiletso cha kanthawi. Iye anangoona kuti drone yake sinabwerere, n'kumaganiza kuti yagwera m'madzi. Sanapyole mamita 120, komabe anatsala pang'ono kupha anthu.

Apa ndi pamene pagona lamulo limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse, lakuti woulutsa aziiona drone ndi maso ake nthawi zonse, osati kudzera pa sikirini. Ambiri amalimva ngati lamulo loteteza drone kuti isatayike, koma cholinga chake ndi mlengalenga wozungulira droneyo. Kamera imaona kutsogolo kokha, ngati munthu wosuzumira pa zenera, ndipo siimva kalikonse, pamene munthu woima pansi amaona mbali zonse ndipo amamva kulira kwa helikopita isanaonekere. Helikopita yothamanga makilomita 200 pa ola imadutsa kilomita imodzi m'masekondi 18, pomwe drone wamba imatsika mamita ochepa chabe pa sekondi, moti kuitsitsa kuchokera pa mamita 120 kungatenge theka la mphindi kapena kuposerapo. Woyendetsa helikopita sangakaone kandege kanu mpaka nthawi itatha kale, n'chifukwa chake udindo wopatuka uli pa inu nokha. Kandege kotambalala masentimita 30 kakafika pa mamita 500 kamangooneka ngati kadontho, ndipo simungadziwe ngati kakuyang'ana kwa inu kapena kwina. Amene amavala magalasi oonetsa zimene kamera ikuona amafunika kukhala ndi mnzawo pambali, woyang'ana kumwamba m'malo mwawo.

Ena amafunsa kuti ngati ndege zimawombana ndi mbalame kawirikawiri n'kupulumuka, kandege ka pulasitiki kangachite chiyani. Yankho lili m'kati mwa kandegeko. Mbalame ndi mnofu, madzi ndi mafupa opepuka, ndipo ikagunda phiko imaphwanyika n'kumwazika. Drone ili ndi mamota achitsulo ndi batire lolimba, zinthu zimene zimaboola m'malo momwazika. Mu 2018, ofufuza a ku University of Dayton anaponya drone ya Phantom 2 pa phiko la ndege yaing'ono ya Mooney pa liwiro la makilomita oposa 380 pa ola, ndipo droneyo inalowa yonse m'phikomo n'kuwononga mtanda waukulu umene umalilimbitsa. Phantom 4 imalemera makilogalamu pafupifupi 1.4, kuposa paketi ya shuga, ndipo batire lake likaphwanyika likhoza kuyaka.

N'chifukwa chake mabwalo a ndege amatetezedwa mwapadera. Kuyambira pa 19 mpaka pa 21 Disembala 2018, bwalo la ndege la Gatwick kufupi ndi London linatsekedwa mobwerezabwereza anthu atanena kuti aona madrone pafupi ndi msewu wa ndege. Maulendo pafupifupi 1,000 anaimitsidwa kapena kupatutsidwa, ndipo anthu pafupifupi 140,000 anasokonezedwa pa ulendo wawo wa Khirisimasi. Palibe ndege imene inagundidwa, ndipo palibe munthu amene khoti linamupeza wolakwa, koma mfundo inamveka: oyang'anira bwalo akangokayikira kuti pali drone pa njira, sangalole ndege kunyamuka kapena kutera. Pa 13 Malichi 2019 dziko la Britain linakuza malo oletsedwa ozungulira mabwalo ake. Kale anali kilomita imodzi yokha kuchokera pa mpanda, koma tsopano ndi dera lozungulira lofika makilomita pafupifupi 4 kapena 5 kuchokera pakati pa bwalolo, kuwonjezera mizere iwiri yotalika makilomita 5 ndi yotambalala kilomita imodzi yochokera kumapeto onse awiri a msewu wa ndege. Mizere imeneyi imatsata ndendende njira yopendekeka ija ya madigiri 3. Ku South Africa, malamulo a Part 101, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2015, amaletsa woulutsa mongosangalala kuyandikira bwalo la ndege pa mtunda wa makilomita 10, ndipo aliyense wokhala ku Kempton Park kapena ku Tembisa ayenera kuyang'ana kaye pa mapu kuti bwalo la ndege la OR Tambo lili patali bwanji ndi khomo lake.

Tikamanena za bwalo la ndege, maganizo amathamangira ku mabwalo aakulu okhala ndi nsanja ndi apolisi. Koma oopsa kwambiri kwa woulutsa drone ndi ang'onoang'ono, amene amakhala zii masiku ambiri mpaka munthu n'kuiwala kuti alipo. Bwalo la ku Mzuzu lili mkati mwenimweni mwa mzinda. Ku Likoma, ku Mangochi ndi m'malo osungira nyama zakutchire muli timabwalo timene ndege yaing'ono imatulukira kuseri kwa mitengo popanda chenjezo lililonse, ndipo ndege zoterezi ndi zimene zili ndi magalasi ndi mapiko osalimba poyerekeza ndi a ndege zazikulu.

Kuletsedwa kwa malo amenewa sikutanthauza kuti khomo ndi lotsekeratu. Kumatanthauza kuti pamafunika kupempha. Ku America kuli njira yotchedwa LAANC, imene munthu amapempha chilolezo pa foni n'kuyankhidwa nthawi yomweyo, atauzidwa kutalika kumene angafike pamalo amenewo. Ku Britain amapempha kwa owongolera ndege a bwalo lenilenilo. Kumene kulibe njira za pa foni, pempho limapita mwa kalata ku bungwe loyang'anira za ndege, ndipo nzeru ndi kusunga yankho lolembedwa, chifukwa wapolisi amene wakupezani sadzakhutira ndi mawu akuti munalankhula ndi bwana wina pa foni. Palinso ziletso za kanthawi, zimene sizioneka pa mapu wamba: mtsogoleri wa dziko akamabwera, asilikali akamachita zokonzekera, kapena pakakhala masewero aakulu. Ku America, mwachitsanzo, pa masewero ena a m'mabwalo okwana anthu 30,000 kapena kuposerapo, madrone amaletsedwa pa mtunda wa makilomita oposa 5 kuyambira ola limodzi masewero asanayambe mpaka ola limodzi atatha. Ziletso zoterezi zimalengezedwa m'zidziwitso zotchedwa NOTAM, ndipo nthawi zake zimalembedwa m'nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC. Kwa munthu wa ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa, pa nthawi yolembedwayo amawonjezera maola 2, moti chiletso chotha 10 koloko pa chidziwitso chimatha 12 koloko masana pa wotchi yake.

Chiletso chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi cha pamalo a ngozi, chifukwa apa ndi pamene chilakolako chojambula chimakula pamene ngozi nayonso yakula. Pa 9 Januwale 2025, moto wolusa uli mkati ku Palisades mumzinda wa Los Angeles, drone inaboola phiko la ndege yozimitsa moto imene inachokera ku Quebec kudzathandiza. Ndegeyo inakhala pansi masiku angapo ikukonzedwa pamene nyumba za anthu zinali kupsa. Woulutsayo, amenenso anali ataitumiza drone kutali mpaka osaionanso, anavomera mlandu ndipo anavomeranso kulipira ndalama zokonzera zoposa madola 65,000. Ndege zopulumutsa anthu zimauluka motsika, mu utsi kapena mumvula, ndipo oziyendetsa akangomva kuti pali drone amaima kaye. Amene anaona mahelikopita akunyamula anthu ndi chakudya ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 akudziwa kuti pa masiku otere mphindi iliyonse ya helikopita ndi moyo wa munthu.

Drone ya ku Palisades ija inali ya mtundu wa DJI Mini 3 Pro, yolemera magalamu osakwana 250, ndipo izi zikutifikitsa pa nambala ina imene anthu amaimva molakwika. Nambala ya 250 inachokera ku gulu limene bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linakhazikitsa mu 2015 kuti lipereke maganizo pa za kulembetsa madrone. Gululo linawerengera mphamvu imene chinthu chogwa kuchokera kumwamba chingamenye nayo mutu wa munthu, n'kugamula kuti pansi pa magalamu 250 mwayi wopha munthu ndi wochepa kwambiri. Makampani anaiona nambalayi, ndipo mu 2019 DJI inatulutsa Mavic Mini yolemera magalamu 249. Kuchokera pamenepo panafala chikhulupiriro chakuti drone yaing'ono ilibe malamulo. Zoona zake n'zakuti kuchepako kumangochotsa zina mwa zofunika, monga kulembetsa ku America kwa woulutsa mongosangalala, koma malire a mamita 120, mabwalo a ndege, kuiona ndi maso ndi ziletso za kanthawi zimakhala momwemo. Ku America aliyense woulutsa mongosangalala amalemba mayeso aulere otchedwa TRUST, ndipo drone yoyambira magalamu 250 imalembetsedwa ndi madola 5 kwa zaka 3. Ku Britain kulembetsa kunayamba mu Novembala 2019, ndipo kuli ziphaso ziwiri, china cha woulutsa ndi china cha mwini wake, chimene nambala yake imamatidwa pa drone. Kuyambira mu Januwale 2026 malire a kulemera kofunika mayeso kumeneko anatsitsidwa kufika pa magalamu 100, umboni wakuti zimene munawerenga chaka chatha ziyenera kuonedwanso chaka chino.

Kwa zaka zambiri anthu ankadalira makinawo kuti awaletse. Madrone a DJI ankakana kunyamuka pafupi ndi mabwalo a ndege ndi malo ena otetezedwa, ndipo ambiri anazolowera kuganiza kuti drone ikanyamuka ndiye kuti malowo ndi ololedwa. Maganizo amenewa anali olakwika kuyambira pachiyambi, chifukwa mapu a kampani si lamulo la dziko, ndipo sadziwa kabwalo kalikonse kapena chiletso cha dzulo. Tsopano ngakhale mpandawo ukuchotsedwa: ku Ulaya mu 2024 ndi ku America mu Januwale 2025, kampaniyi inasintha kuti m'malo ambiri drone izingochenjeza, osakananso. Chenjezo likatuluka pa sikirini, chala chimodzi chimalichotsa, ndipo mlandu wonse umatsala ndi mwini chalacho.

Malire pakati pa kusangalala ndi ntchito nawonso ndi opyapyala kuposa momwe ambiri amaganizira. Ku America, malamulo opepuka ndi a munthu amene akuulutsa chifukwa chongosangalala basi. Akangojambula denga la mnzake kuti aone podontha, kapena msonkhano wa mpingo kuti akauike pa tsamba la mpingowo, wayamba kale kufunika chiphaso cha woulutsa pa ntchito, chotchedwa Part 107, ngakhale sanalandire tambala. Ku South Africa kuulutsa kwa payekha ndi kumene kulibe phindu lililonse la malonda, ndipo wojambula maukwati ku Johannesburg amene waonjezera drone pa katundu wake amafunika laisensi ya woyendetsa komanso chilolezo cha bizinesi yake.

Pa ukwati pomwepo ndi pamene lamulo la anthu a pansi limaonekera bwino. Mkwati ndi mkwatibwi akutuluka m'tchalitchi, amayi akululutira, ana akuthamanga uku ndi uko, ndipo kandege kakulira ngati njuchi pamwamba pa mitu yawo. Timapiko take timazungulira maulendo zikwizikwi pa mphindi ndipo timacheka khungu ndi diso. Batire likafooka kapena rimoti ikasiya kulumikizana nako, kandegeko kamayamba kubwerera kokha: kamakwera kufika pa kutalika kumene kanauzidwa, n'kulunjika pamene kananyamukira. Ngati woulutsa sanasinthe kutalikako kuti kupose mtengo wa bulugamu kapena mawaya a magetsi a pakati, kamagunda n'kugwera pa anthu; ndipo ngati pamalo ponyamukira paja tsopano paima gulu la kwaya, kamatera pomwepo. Anthu othithikana sangathawe chinthu chogwa kuchokera kumwamba, n'chifukwa chake malamulo a ku Britain ndi a European Union saloleza woulutsa wamba kudutsa pamwamba pa khamu, ngakhale drone ikhale yaing'ono chotani. Ku South Africa mtunda wake ndi mamita 50 kuchokera pa munthu, pa msewu wa anthu onse, kapena pa nyumba imene mwini wake sanalole.

Zonsezi ndi za oyang'anira mlengalenga. Mwini nthaka ali ndi mawu akeake. Ku America madrone analetsedwa m'malo osungira zachilengedwe otchedwa national parks mu Juni 2014, ndipo ku South Africa saloledwa ku Kruger ndi m'malo ena onse a SANParks, bungwe loyang'anira malo osungira nyama a boma, popanda chilolezo chapadera. Chifukwa chake si kuuma mtima. Njovu zimathawa kulira kwa drone, mpaka m'madera ena a ku Tanzania alonda a nyama agwiritsapo ntchito madrone pothamangitsa njovu m'minda. Chida chimene chimatha kuthamangitsa njovu chikakhala m'manja mwa mlendo wofuna chithunzi, gulu la njovu likhoza kuthawira kumpanda, kumsewu kapena kumudzi. Ku Liwonde, Majete kapena Nkhotakota, funso limayamba lapita kwa oyang'anira nkhalangoyo drone isanatuluke m'chikwama. Pa nyumba za boma, misasa ya asilikali, ndende ndi malo opangira magetsi palibe zambiri zofotokoza: Malawi ali ndi lamulo la malo otetezedwa, ndipo msilikali woona kandege pamwamba pa msasa sangadziwe kuti mwini wake amangofuna chithunzi cha phiri la kuseri.

Kumudzi kuli malamulo amene sanalembedwe m'buku la za ndege, koma ndi olemera mofanana. Mpanda wa udzu wa bafa unamangidwa kuti utchinge maso a odutsa m'njira, osati a chinthu chodutsa kumwamba. Manda, dambwe ndi tsimba ndi malo amene ngakhale mwana wobadwira pamudzipo salowamo mwachisawawa, ndipo kamera imene yasuzumira kumeneko yalowa popanda mwambo, kaya mwini wake anaima kutali bwanji. Ndime ya 21 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi imateteza chinsinsi cha munthu aliyense, koma nkhani isanafike kukhoti imakhala itafika kale kwa amfumu. Tikumbukirenso kuti chinthu chachilendo chikaonekera popanda kufotokozedwa, mphekesera zimathamanga kuposa choonadi, monga zinachitikira mu 2017 pa nkhani ya anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe, pamene anthu osalakwa anaphedwa. Kupita kaye kwa amfumu, kuwaonetsa kandegeko kali pansi, kufotokoza chimene mukufuna kujambula, ndi kulola anthu kuona pa sikirini zimene kamera ikuona, kumatenga theka la ola lokha, ndipo kawirikawiri amfumuwo ndi amene amakuuzani mbali imene simuyenera kuloza.

Kwa amene akubweretsa drone kuchokera kunja, mabatire apadera amayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa ndege, chifukwa akayaka m'chipinda cha anthu ogwira ntchito m'ndege akhoza kuwazimitsa. Osapitirira 100 Wh, muyeso wa mphamvu imene batire limasunga, amaloledwa popanda pempho, ndipo a pakati pa 100 ndi 160 amafunika chilolezo cha kampani ya ndege. Maiko ena, monga Morocco, amaigwira drone pa chipata penipeni.

Ku Malawi mlengalenga wa m'munsiwu uli kale ndi ntchito yake. Mu Malichi 2016 ku Lilongwe kunayesedwa drone yonyamula zoyezera magazi a makanda kuchokera pa chipatala chaching'ono kupita ku Kamuzu Central Hospital, pofuna kufupikitsa nthawi yodikira zotsatira za HIV. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera madrone a ntchito zothandiza anthu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuyendetsa madrone. M'zaka zotsatira, madrone ananyamula mankhwala, katemera ndi zoyezera kupita ku zipatala zovuta kufikako m'maboma monga Kasungu, Nsanje ndi Chikwawa. Madrone amenewa amaloledwa mwapadera kuuluka kutali kumene wowayendetsa sawaona, amatsata njira yoikika, ndipo sayembekezera kukumana ndi kandege ka munthu wina pamene akutsikira pa bwalo la chipatala. Amene akufuna kuulutsa pafupi ndi chipatala cha kumudzi m'dera lotere ayambe wafunsa mkulu wa pachipatalapo ngati drone ya mankhwala imatera pamenepo, imachokera mbali iti, ndiponso imafika nthawi yanji.